Oilo wa theka la mtengo adandisiya pa Phalula

Sabata yatha tidacheza za matayala a kaunjika ndipo ndidalonjeza kuti lero tiona nkhani ya oilo. Mwa makalata omwe ndalandira muli ya bambo wina wa ku Kasungu yemwe wafunsa mwachidule kuti: kodi oilo wodula ndi wotchipa akusiyana pati, poti yense ndi woterera ndipo injini imalira bwinobwino? Bambo, funso lanuli ndidali nalonso ine. Yankho lake ndidalipeza m'mbali mwa msewu wa M1, apongozi anga atakhala pansi pa mtengo akundiyang'ana.

Udali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tidanyamuka mu Blantyre m'mawa kupita kuchinkhoswe cha mlamu wanga ku Ntcheu. M'kagalimoto kanga ka Toyota Sienta mudali mayi a kunyumba, apongozi aakazi, ana awiri ndi tambala wa pamwambo. Miyezi iwiri m'mbuyomo ndidali nditapangitsa sevisi, koma nthawiyo fizi ya ana idali itandikhalira pakhosi. M'malo mogula oilo pamalo omwetsera mafuta pomwe ndinkagula nthawi zonse, ndidalowera kumsika wa masipeya. Mnyamata wina adandionetsa chigubu cha malita asanu cholembedwa dzina lomwe ndidalizolowera, koma mtengo wake udali theka. "Bigi, ndi yemweyo uyu, kungoti ife timakaoda tokha kunja," adatero. Ndidaona kuti chitsekero chake chidali chokhwepa ndipo pepala la pachigubu lidali lomatidwa mopendekeka, koma munthu ukafuna kupulumutsa ndalama, maso amaona zomwe mtima ukufuna.

Tidadutsa Lunzu, Lirangwe ndi Zalewa popanda chovuta. Tikuyandikira Phalula, kanyali kofiira kooneka ngati ketulo kaja kadayamba kuthwanima. Ndidadziuza kuti mwina ndi mawaya chabe, tikafike kaye pa Chingeni. Sitidafike. Injini idayamba kugogoda ngati munthu akusula khasu, kenako zii. Apongozi adatsika mwakachetechete, kuyala chitenje pamthunzi, n'kunena kuti: "Apongozi, musavutike mtima, ife tidakula tikuyenda wapansi." Kunena zoona, bola akadandikalipira. Onse adakwera minibasi, tambala ali m'khwapa, ine n'kutsala ndikulondera galimoto mpaka madzulo.

Makaniko wanga atamasula kunsi kwa injini, chomwe chidatuluka chidali chakuda, chonanda ngati phala logona, chonunkha kupserera. Kasefa komwe pampu imakokera oilo kadali katatsekeka, mabering'i atapsa. Adapaka pang'ono pachala, kununkhiza, n'kupukusa mutu. "Bwana, amene mudathirayu ndi oilo wakale. Adamusefa n'kumuthira m'chigubu chabwino." Adandikumbutsanso mlandu wanga, woti kangapo konse ndinkapitiriza makilomita a sevisi, choncho litsiro lidali litayamba kale kudikha. Oilo wachinyengoyo adangomalizitsa ntchito yomwe ulesi wanga udayamba. Galimoto idakhala pamiyala miyezi inayi. Ndidakongola kubanki m'khonde kuti ndigule injini ina, ndipo ndalama yomwe ndidalipira ikadandigulira oilo wabwino kwa zaka zingapo.

Kuyambira pamenepo ndidaleka kumvera zonena za pabawo ndipo ndidayamba kuwerenga zomwe zimalembedwa pachigubu. Zomwe ndidaphunzira ndi zimene ndikufuna tigawane lero.

Galimoto yaing'ono ikamathamanga makilomita 100 pa ola, injini yake imazungulira kuposa ka 2,000 pa mphindi imodzi. Chomwe chimaletsa zitsulo za m'katimo kukhulana ndi kamuyalo ka oilo kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Kamuyaloko kakangoduka, chitsulo chimadya chinzake, ndiye kunoka komwe timanena kuja. Oilo yemweyo amachotsa kutentha kunsi kwa mapisitoni komwe madzi a mu radiyeta safika, amatola mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo n'kukazisiya mufyuluta, amapha asidi yemwe amapangika mafuta akamayaka, komanso amateteza ku dzimbiri. Ntchito zambiri mwa zimenezi zimagwiridwa ndi mankhwala omwe opanga amasakanizamo. Mankhwalawa amatha mphamvu pamene galimoto ikuyenda. Oilo wakale ukhoza kumusefa pansalu mpaka kuoneka woyera, koma mankhwala aja adatha kale, ndipo diso silingaone zimenezo.

Tsopano tione manambala aja omwe ambiri timangowadutsa, monga 5W-30, 15W-40 kapena 20W-50. Muyeso umenewu udakhazikitsidwa ndi bungwe la akatswiri a zamagalimoto la ku America lotchedwa SAE, ndipo umanena za kukhuthala kwa oilo. Chilembo cha W chikuimira nyengo yozizira. Nambala yoyamba ikunena momwe oilo amayendera injini isadatenthe. Ikakhala yaing'ono ndiye kuti oiloyo amathamanga msanga m'mawa. Nambala yachiwiri ikunena kukhuthala kwake atatentha kufika madigiri 100. Ganizirani uchi. M'mawa wa mu Juni umatsika m'botolo monyinyirika, koma ukauika padzuwa umayenda ngati madzi. Oilo wabwino ndi amene sauma ngati uchi wa mu Juni m'mawa, komanso sasungunuka n'kukhala madzi pokwera phiri masana.

Apa m'pomwe pali chikhulupiriro chomwe chapweteketsa injini zambiri. Mukapita kumagalaji ambiri mudzamva kuti kuno n'kotentha, ndiye galimoto iliyonse ithiridwe 20W-50. Malangizowa adali ndi nzeru m'masiku a galimoto zakale zomwe injini zake zidali ndi mipata ikuluikulu, ndipo mpaka lero injini yakale yotopa, yomwe yayamba kufuka, imathandizika ndi oilo wokhuthala. Koma galimoto zambiri zomwe zikutsika pa Songwe kuchokera ku Japan, monga Sienta, Vitz, Axio, Probox ndi Aqua, zidapangidwira oilo wopepuka monga 0W-20 kapena 5W-30. Njira za oilo m'injini zimenezi ndi zing'onozing'ono, ndipo makina a VVT-i, omwe amasintha nthawi yotsegukira mavavu, amayendetsedwa ndi mphamvu ya oilo yemweyo. Mukathira wokhuthala kwambiri, m'mawa wozizira wa ku Dedza kapena ku Mzuzu amachedwa kufika pamwamba pa injini, ndipo zitsulo zimakhulana zouma kwa kanthawi tsiku lililonse. Petulo nayenso amapita wambiri chifukwa injini ikulimbana ndi oilo wake womwe. Kumbukiraninso kuti injini ikatentha, kutentha kwake kumasungidwa pamuyeso umodzi ndi madzi ndi fani, kaya muli ku Nsanje kaya pa Nyika.

Wina anena kuti buku la galimoto yake lidabwera m'Chijapani. Inde, koma manambala a oilo amalembedwa m'zilembo zomwe tonse timatha kuwerenga. Tsegulani masamba a kumapeto mudzawapeza. Galimoto zina zimalembedwa pachitsekero chothirira oilo penipenipo. Zikavuta, tengani nambala ya injini, monga 1NZ ya Sienta yanga, n'kufufuza pafoni. Mudzadziwanso kuchuluka kwake. Injini ya 1NZ imalowa malita osakwana anayi ngakhale mutasintha ndi fyuluta yomwe, choncho makaniko akakuuzani kuti chigubu chonse cha malita asanu chathera momwemo, mufunseni bwino. Kudzaza mopitirira nakonso n'koipa, chifukwa oilo amachita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo.

Pachigubu pamakhalanso zilembo zina zoyamba ndi API, lomwe ndi bungwe la zamafuta la ku America. Zilembo zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo, ndiye kuti oiloyo adayesedwa pamuyeso watsopano komanso wokhwima. SL adabwera mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, ndipo SP mu 2020. Ndiye mukaona chigubu chowala bwino koma cholembedwa SF kapena SG, dziwani kuti ndi oilo wa muyeso wa galimoto za m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akhoza kukhala weniweni, wosaba, koma wosayenera galimoto ya 2012. Eni minibasi ndi mapikapu a dizilo ayang'ane zilembo monga CH-4 kapena CI-4, chifukwa dizilo amatulutsa mwaye wambiri ndipo amafuna oilo wotha kuunyamula.

Nanga za mineral ndi synthetic zomwe anyamata okonda galimoto amakangana Loweruka potsukitsa galimoto zawo? Mineral ndi oilo woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi. Synthetic ndi woyengedwa mozama kwambiri kapena wopangidwa kufakitale, moti amapirira kutentha, sauma msanga kukazizira ndipo amakhalitsa. Pakati pawo pali wosakaniza, yemwe amatchedwa semi-synthetic. Kufunafuna oilo wopirira kutentha kudayamba kale. Dzina lakuti Castrol lidachokera ku dzina la Chingerezi la mafuta a nsatsi, omwe aja agogo athu ankadzola. Kampani ya Charles Wakefield, yomwe idayamba ku London mu 1899, inkasakaniza mafuta a nsatsi mu oilo wake chifukwa ankamatirira bwino pazitsulo zotentha. Musathamangire kukasinja nsatsi, chonde, chifukwa m'injini za lero angakusiyireni ulimbo.

Anyamata okonda galimotowa ndimagwirizana nawo pa chinthu chimodzi, chakuti synthetic weniweni ndi wabwino. Pomwe timasiyana ndi pakuti ena amagula dzina kuti anzawo awaone. Ndidaonapo mnyamata atathira oilo wa galimoto za mpikisano mu Vitz yopitira kuntchito, chonsecho fyuluta ya mpweya ili mbuu ndi fumbi la chaka chonse. Fumbi lolowa m'injini limapala zitsulo ngati mchenga, ndipo palibe oilo wodula amene angaletse zimenezo. Ndalama yomwe adawonjezera pa dzinayo ikadagula mafyuluta onse awiri n'kutsala chenji.

Tikambe za mtengo, poti m'pomwe pagona nkhani. Dziko lathu lilibe malo oyengera mafuta, choncho oilo amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya oilo, mafyuluta ndi masipeya idakwera nayo limodzi, pomwe malipiro a ambiri a ife adatsalira m'mbuyo. Ndiye sindingamuseke munthu wofunafuna oilo wotsika mtengo, chifukwa inenso ndidachita chimodzimodzi. Koma kusowa kwa ndalama komweku ndi komwe kwapatsa msika anthu achinyengo. Wogulitsa aliyense woona amaoda ndi dola yomweyo. Wina akakupatsani chigubu cha dzina lodziwika pa theka la mtengo, dzifunseni kuti dola yotchipayo adaitenga kuti.

Mtengo wa oilo tiziuwerengera pa makilomita. Tingoyerekeza chabe: chigubu china chili pa K50,000 ndipo chimafuna kusintha pa makilomita 4,000 alionse, china chili pa K90,000 ndipo buku la galimoto likulola kuti chiyende makilomita 8,000. Pofika makilomita 16,000, woyamba uja wagula kanayi, kuwononga K200,000, pomwe wachiwiri wagula kawiri, kuwononga K180,000. Woyambayo walipiranso mafyuluta anayi ndi makaniko kanayi. Masamuwa amagwira kwa munthu woyenda maulendo ataliatali pa tara. Kwa amene amayenda m'misewu ya fumbi, kukwera mapiri atasenza katundu, kapena kuyenda timaulendo tifupitifupi m'tauni injini isadatenthe bwino, mabuku a galimoto amalangiza kusintha oilo msanga, kawirikawiri pa theka la mtunda wa nthawi zonse. N'chifukwa chake lamulo la amakaniko athu la makilomita 5,000 lili ndi nzeru. Munthu wotereyu alibe chifukwa chogulira oilo wodula kwambiri woti amutaya asadathe ntchito. Oilo wa mtengo wapakati, weniweni, wa manambala olondola, wosinthidwa pa nthawi yake limodzi ndi fyuluta, amukwanira. Galimoto yongokhala pakhomo nayo imafuna kusinthidwa oilo kosachepera kamodzi pachaka, chifukwa chinyontho chimalowa ngakhale isakuyenda.

Pali chikhulupiriro chinanso chakuti oilo akada msanga ndiye kuti ndi woipa. Nthawi zambiri kuda kumasonyeza kuti oilo akugwira ntchito yake yotola litsiro, ndipo m'galimoto ya dizilo amada patangopita masiku ochepa. Chofunika kuopa ndi oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ndiye kuti madzi akulowa m'injini, mwina gasiketi yapsa. Muopenso oilo wonunkha petulo, wokhala ndi tizitsulo tonyezimira, kapena wonanda. Sabata iliyonse, galimoto itaima pamalo athyathyathya ndipo injini itazizira, sololani kachitsulo koyezera kaja, pukutani, bwezerani, n'kusololanso. Oilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija. Ntchitoyi simatenga mphindi ziwiri. Ndipo kanyali kofiira kaja kakayaka muli paulendo, patukani n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, chifukwa kakunena kuti oilo sakufika m'zitsulo. Ndikadaima pomwe kadayamba kuthwanima, mwina ndikadangotsukitsa injini n'kusintha mabering'i.

Anzanga a kabaza, nkhaniyi ikukukhudzaninso. M'njinga zamoto zambiri, oilo mmodzi yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilachi. Oilo wina wa galimoto amakhala ndi mankhwala owonjezera kuterera pofuna kupulumutsa petulo, ndipo mankhwalawa amachititsa kilachi ya njinga kutsetsereka. Pogula, yang'anani chigubu cholembedwa 4T ndi JASO MA. Njinga yanu imalowa pafupifupi lita imodzi yokha, imazizira ndi mphepo basi, ndipo imagwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Kathumba ka oilo wopimidwa m'botolo la zakumwa m'mbali mwa msewu kangaoneke kopulumutsa lero, koma njinga ikanoka, mwini wake sadzafunsa kuti oiloyo mudagula zingati.

Wachinyengo timudziwa bwanji? Sindikunamizani kuti n'kophweka, chifukwa anthuwa adachenjera. Komabe yang'anani chitsekero ngati mkombero wake uli wosaduka, ndipo ngati mtundu umenewo umakhala ndi kapepala kotseka kukamwa, kakhale komata bwino. Onani ngati chigubu chili ndi nambala ndi tsiku lopangidwira, ndiponso ngati zilembo zili zosindikizidwa bwino. Oilo watsopano amakhala woyera moti kuwala kumadutsa, wopanda zinyalala pansi, wosanunkha kupserera. Koposa zonse gulani pamalo odziwika omwe mawa mudzawapeza, ndipo mufunse lisiti. Popanda lisiti n'kovuta kudandaula kulikonse, kaya ku Malawi Bureau of Standards kaya ku Competition and Fair Trading Commission. Ine ndidabwerera kumsika kuja ndili chimanjamanja, ndipo pamalo pomwe padali mnyamata uja ndidapeza wogulitsa matayala a njinga. Popangitsa sevisi, gulani nokha oilo ndipo muimirire pomwepo chigubu chikutsegulidwa. Makaniko wokhulupirika sakwiya nazo zimenezo.

Tisaiwale kuti zigubu zomwe achinyengo amagwiritsa ntchito timawapatsa ndife. Tikamaliza sevisi timasiya chigubu chabwinobwino pagalaji, mawa wina wachitola, wathiramo zake, ndipo chikugulitsidwa kwa mnzathu. Chiboleni kapena chiduleni musadachisiye. Musachisandutsenso chotungira madzi akumwa kapena chosungira mafuta ophikira. Oilo wakale nayenso ndi poizoni. Muli zitsulo ndi mankhwala omwe angayambitse matenda a pakhungu ngakhalenso khansa kwa munthu womugwiragwira nthawi yaitali. Kumuthira m'ngalande ndi kumutumiza ku Mudi kapena ku Lingadzi, komwe anthu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba zomwe timagula tokha. Kumupaka pazilonda za ng'ombe kapena agalu n'kuzunza ziweto. Musungeni m'chidebe chotseka n'kufunsa kugalaji kapena pamalo omwetsera mafuta ngati pali omwe amamutolera m'njira yoyenera.

Choncho bambo a ku Kasungu, yankho langa ndi ili. Pamsika pali oilo wodula weniweni, wotsika mtengo weniweni, ndi wachinyengo. Awiri oyambawo akhoza kusunga injini yanu ngati manambala ake akugwirizana ndi buku la galimoto ndipo mukusintha pa nthawi yake. Wachitatuyo ndiye wakupha, ndipo amabwera atavala zovala za woyamba uja. Kulira bwino kwa injini lero kusakupusitseni, chifukwa yanga idalira bwino miyezi iwiri yathunthu. Ngati ndalama yachepa, tsikani pa dzina, mugule mtundu wotsikirapo koma pamalo odalirika. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Sienta ija ikuyendabe ndi injini yachiwiri, ndipo ngongole ya kubanki m'khonde ndidamaliza. M'kabokosi ka kutsogolo muli kabuku komwe ndimalemba tsiku, makilomita ndi mtundu wa oilo nthawi iliyonse ya sevisi, malisiti ndimamata momwemo. Apongozi adakweranso galimotoyi Khrisimasi yapitayi. Tikudutsa pa Phalula adasuzumira pazenera, n'kuloza mtengo uja, n'kunena kuti: "Apongozi, mthunzi wathu uja ulipobe." Ana adaseka mpaka pa Chingeni.

Sabata ya mawa tidzacheza za mabatire ndi chifukwa chomwe amafera msanga m'nyengo yotentha. Pitirizani kulemba makalata.